Phulusa Pamphambano

Ndinalowa gulu la masikauti ndili Fomu 2 pa sekondale yoyendera kufupi ndi Migowi. Zinali zaka zoyamba za matipate, pomwe magulu ankangophuka paliponse, ndipo lathu analiyambitsa ndi madamu otiphunzitsa Jogalafe, ochokera ku Kasungu. Tinkakumana Lachisanu masana ndi Loweruka m'mawa kuseri kwa makalasi. Yunifolomu yonse tinalibe. Chimene aliyense anali nacho ndi sikafu yobiriwira, yomwe telala wa pamsika anatidulira pa nsalu imodzi, ndipo tinkaimanga pakhosi poilowetsa m'kachidutswa ka nsungwi. Ine yanga ndinkaisita kawiri pa sabata ngakhale inalibe makwinya.

Amayi sankaukonda kwenikweni usikautiwo. Ankati ana ovala zofanana n'kumaguba anawaona kale nthawi ya chipani chimodzi ndipo sanawasiyire chabwino. Koma ataona kuti ife timangosesa pamsika, kubzala mitengo m'mbali mwa mtsinje ndi kuphunzira kumanga machira ndi matumba a feteleza, anasiya kulankhula. Bambo ankagwira ntchito ku esiteti ya tiyi ku Mulanje ndipo ankabwera mwezi ukatha, choncho pakhomo tinali ine ndi amayi basi.

Mwezi wa Meyi chaka chimenecho madamu anayamba kutikonzekeretsa ulendo wokagona panja ku Fort Lister, pakati pa mapiri a kwathu. Anati kumeneko munthu akhoza kusochera m'thengo, ndiye aliyense adziwe kusiya zizindikiro m'njira zoti anzake atsatire. Anatiphunzitsa pabwalo la mpira. Timitengo titatu toyala ngati muvi timati pita uku. Timitengo tiwiri topingasa ngati mtanda timati njira iyi usalowe. Udzu womanga mfundo umaloza kumene mutu wake waweramira. Miyala yozungulira yokhala ndi mwala umodzi pakati imati wotsogolera wafika kumapeto. Pamene pali thanthwe kapena nthaka youma, anati tizijambula muvi ndi choko.

Anasankha ine kuti ndikayale njira Lachisanu madzulo, ena adzaitsatire Loweruka. Ndinakondwa kwambiri. Choko cha sukulu chinali chitatha, ndiye ndinatapa phulusa m'khitchini mwa amayi n'kuliika m'kapepala ka shuga. Ndinagulanso nzimbe ziwiri, ndinazidula zidutswa, kuti amene afike kumapeto akapeze chotafuna. Ndinafuna kuti njira yanga ikhale yovuta, anyamata a Fomu 3 asaipeze msanga, choncho sindinaiyale m'thengo la kuseri kwa sukulu. Ndinaidutsitsa m'mudzi mwathu, momwe tinjira tambiri timakumana ndi kusiyana. Njira iliyonse yopatuka ndinaitseka ndi mtanda wa timitengo. Pamphambano yaikulu, pomwe nthaka ndi yolimba chifukwa cha ngolo, ndinagwada n'kujambula muvi wa phulusa, ndipo njira yolowera kwa oyandikana nafe ndinaitsekanso ndi mtanda.

Oyandikana nafewo anali makolo a mnzanga wa m'gulu lomwelo, mtsikana wa Fomu 1 amene tinkayendera limodzi ku sukulu. Amayi ake ndi amayi anga anali atakangana masabata angapo m'mbuyomo chifukwa cha mzere wa nandolo umene amayi anabzala m'malire a munda. Anakangana m'Chilomwe, monga ankachitira mkwiyo ukafika pachimake, ndipo anthu ambiri anamva amayi akumaliza ndi mawu akuti muona. Ine ndi mnzangayo tinkaseka za mkanganowo popita ku sukulu. Sitinkauona ngati wathu.

Loweruka m'mawa ndinatuluka nditamanga sikafu yanga. Nditayandikira pamphambano ndinapeza azimayi ataima mozungulira, manja atapinda pachifuwa. Palibe amene anayandikira muvi wa phulusa uja. Amene ankafuna kudutsa ankalambalala n'kuponda m'udzu. Nditafika anasiya kulankhula. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa anandiloza ndi mlomo n'kunena kuti ndi yemweyu, anamuona dzulo dzuwa likulowa atagwada pomwepa, kaphukusi kali m'manja.

Apo m'pamene ndinamva kuti kamchimwene ka mnzanga, kamwana koyamba kumene kuyenda, kanatentha thupi kuyambira madzulo ndipo kanakomokapo. Amayi ake potuluka m'mawa kukafuna thandizo anapeza njira ya kwawo yotsekedwa ndi timitengo topingasa, phulusa lili pamphambano, udzu uli womangidwa mfundo.

Ndinayamba kufotokoza. Ndinati ndi masewera a masikauti, madamu ndiwo anandituma, mitanda yotere ilipo yambiri kutsogoloku, aliyense akhoza kupita kukaona. Ndinalankhula mofulumira ndipo ndikukhulupirira kuti ndinkamwetulira, poganiza kuti akamva aseka. Palibe amene anaseka. Amayi a mnzanga anali ataima kutsidya kwa mtanda uja, maso ofiira, mpango utamasuka. Sanandikalipire. Anangofunsa kuti phulusalo ndinalitenga kuti. Ndinati m'khitchini mwa amayi. Azimayi aja anayang'anizana.

"Mwana sachita zotere asanatumidwe," anatero amayi a mnzanga. "Pita ukawauze amako kuti ndaona."

Sindinapite ku sukulu molunjika. Ndinathamangira kunyumba ndipo ndinapeza amayi akusenda chinangwa pakhonde. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, mpeni uli m'manja. Kenaka anandifunsa ngati pa zaka zanga zonse sindinadziwe zimene anthu amataya pamphambano. Ndinkadziwa. Mwana aliyense wa kwathu amadziwa kuti chimene wachipeza pamphambano sudumpha, sutola. Koma Lachisanu lija m'mutu mwanga munali anyamata a Fomu 3 okha, ndipo mphambano inali chabe malo abwino osocheretsera anthu. Ndinati ndipita ndikachotse zonse. Amayi anakana. Anati ndikazichotsa anthu anena kuti takatenga mankhwala athu ntchito itatha. Anandivula sikafu okha, anaipinda, n'kukaiika pansi pa zovala m'sutikesi mwawo.

Masana ake ndinawaperekeza ku mjigo. Kwathu ndowa yaikulu munthu sadzitwika yekha. Ukadzaza umangoti nditwikeni, amene ali pafupi amagwira mbali ina n'kukuthandiza kuikweza pamutu, ngakhale mukhale kuti simulankhulana. Tsiku limenelo amayi atadzaza ndowa yawo anaika nkhata pamutu n'kunena mawu omwewo. Mayi mmodzi anayamba kutsuka chigubu chake chomwe chinali chotsuka kale. Wina anaitana mwana wake amene sanali kutali. Amayi anaima kanthawi, kenaka anandiyang'ana, ine n'kugwira mbali inayo. Ndowa inapendekeka, madzi anawathira kumsana. Tinabwerera nsalu yawo itamatirira m'miyendo.

Ndinapita kwa madamu dzuwa litapendeka. Anali atadikira ndi gulu m'mawa wonse, ndipo atamva mphekesera anabalalitsa ana. Ankakhala m'nyumba ya aphunzitsi kuseri kwa ofesi. Nditawauza pomwe ndinayala njira, anagwira pakamwa. Anati ngakhale kwawo ku Kasungu phulusa pamphambano si chinthu choseweretsa, ndipo iwo ndiwo anayenera kundiuza kuti ndisalowe m'mudzi. Anafuna kupita nthawi yomweyo kukalankhula ndi amayi a mnzanga. Kenaka anakhalanso pansi. Anati iwo ndi mlendo, amalandira malipiro a boma, ndipo chilichonse anganene chimveka ngati akuteteza mwana wa sukulu yawo. Anati pali munthu mmodzi yekha amene mayi uja sangamunene kuti watumidwa ndi amayi anga, ndiye mwana wa mayiyo, mnzanga uja. Mnzangayo anaphunzira zizindikirozo limodzi nafe, koma njira yanga anali asanaiyende.

Ndinayesa kumuona mnzangayo madzulo amenewo. Ndinamupeza akuthyola masamba a maungu kudimba, ndipo atandiona ananyamula lichero lake n'kulowera kwawo. Ndinamuitana kawiri. Sanacheuke.

Lamulungu amayi anavala bwino n'kunena kuti tikupita ku tchalitchi, chifukwa kukhala pakhomo kukhala ngati kuvomera. Pa benchi yathu panatsala malo a anthu awiri mbali iyi ndi iyo. Amayi a mnzanga anabwera mochedwa, mwana atamusiya ndi bambo ake. Ndinamva kumbuyo kwanga wina akunong'ona kuti akana kupita naye ku chipatala, akuti matenda otere jakisoni amangowakwiyitsa, ndipo mawa apita naye kwa sing'anga wina cha ku Jenala. Nyimbo zonse za tsiku limenelo sindinaimbe. Ndinkangoganiza kuti kamwana kaja kakamwalira, palibe kufotokoza kumene kudzamveke, ndipo amayi adzakhala ndi dzina loti mfiti mpaka imfa yawo.

Madamu ankapemphera mpingo wina, koma tsiku limenelo ndinawaona atakhala kumbuyo kwenikweni. Mapemphero atatha analankhula ndi mkulu wa mpingo, bambo wamfupi wokonda nthabwala amene ankakonzanso njinga pa Migowi. Anthu ambiri a mudzi wathu pobwerera amadutsa pamphambano paja, ndipo titafika mkulu wa mpingoyo anapempha kuti tiime pang'ono. Madamu anagwada pamaso pa amayi a mnzanga, mawondo pa fumbi, n'kupepesa kuti ntchito ya sukulu yabweretsa mantha pakhomo pawo pa nthawi ya matenda. Anati sakupempha kuti awakhulupirire iwo, kapena ine. Akupempha kuti mwana wawo awerenge zimene zili pansizi, iwo amve okha. Anati ine ndikhala kumbuyo kwa onse ndipo sinditsegula pakamwa.

Amayi a mnzanga anati mwana wawo alibe choti awerenge. Mnzangayo anali kumbuyo kwawo, atagwira buku la nyimbo ndi manja awiri, maso ali pa zala za kumapazi. Mkulu wa mpingo anamufunsa mofatsa ngati zinthuzi akuzidziwa. Iye anangofinya buku lija pachifuwa. Mphepo inali itafufuta mbali ina ya muvi wa phulusa. Ndinamva amayi akupumira m'mwamba pafupi nane. Wina anayamba kunena kuti mwana asakakamizidwe, ndipo anthu a kumapeto anayamba kusuntha kuti azipita.

"Muvi uwu ukuti tipite cha kumtsinje," anatero mnzangayo. Mawu ake anali aang'ono kwambiri. "Mtandawu ukuti amene akutsatira asalowe njira iyi, si yake."

Amayi ake anatembenuka n'kumufunsa kuti nanga bwanji njira yotsekedwayo ikhale ya kwawo. Iye anati ngati zayalidwa monga anatiphunzitsira, ndiye kuti njira iliyonse yopatuka ili ndi mtanda wake. Mkulu wa mpingo anati mtsinje suli kutali, tiyeni tikaone, ndipo anayamba kuyenda asanayankhidwe.

Tinayenda mondondozana, mnzanga patsogolo, amayi ake pambuyo pake, kenaka ena onse ndi zovala zawo za ku tchalitchi. Ine ndi amayi tinali kumapeto. Pa kanjira koyamba kopatuka panali mtanda. Mnzanga anauloza. Pa kachiwiri panalinso wina, ndipo kanjira kameneko kanali kolowera kwa mkulu wa mpingo yemweyo. Iye anaima, anauyang'ana, n'kunena kuti wakhala akuudumpha kuyambira Lachisanu osauona, ndipo chimene chamuvuta ndi njala yokha. Azibambo awiri anaseka. Azimayi sanaseke, koma ndinaona wogulitsa zitumbuwa uja akuyang'ana kumbali.

Titafika pa munda wa mpendadzuwa zinthu zinavuta. Pamenepo njira imagawika patatu, ndipo ng'ombe zinali zitadutsa. Muvi wa timitengo umene ndinayala unali utamwazika, mitanda osaoneka. Mnzanga anaima. Analowa njira ya kumanja, anayenda pang'ono, n'kubwerera. Analowa ya pakati, n'kubwereranso. Amayi ake anati apa ndiye pathera masewerawo, zenizeni zinali za pakhomo pawo, zinazi n'zophimbira. Ine ndinkadziwa kuti kumanzere, pafupi ndi chulu, pali udzu umene ndinamanga mfundo. Ndinkauona ndili pomwe ndinaimapo. Ndinatsala pang'ono kumuuza. Amayi anandigwira dzanja n'kulifinya mpaka zikhadabo zawo zinandilowa. Ndinayang'ana pansi kuti ngakhale maso anga asaloze.

Mnzanga anachita zimene madamu ankatiuza pabwalo la mpira, kuti ukataya chizindikiro bwerera pamene unaona chomaliza, uyambe kuzungulira pang'onopang'ono. Anazungulira. Nsapato zake zinadzaza chisoso. Atafika pa chulu anawerama, anagwira mfundo ya udzu, n'kuyang'ana kumene mutu wake unaweramira. Sanatiyang'ane. Anangoyamba kuyenda, ife n'kumutsatira.

Pansi pa mtengo wa mango wa m'mbali mwa mtsinje panali miyala yozungulira, umodzi uli pakati. Mnzanga anati apa ndi pamapeto, ndipo wotsogolera amasiya kanthu pafupi. Anayang'ana m'mwamba n'kuona thumba pamphanda ya nthambi. Analitsitsa n'kukhuthula pa udzu. Munali nzimbe zanga, nyerere zitadzaza m'mapeto mwake.

Anthu anangoziyang'ana. Palibe amene anatola. Amayi anandisiya dzanja, anadutsa pakati pa anthu, anatola chidutswa chimodzi, anakuntha nyerere pa ntchafu, n'kuyamba kusenda ndi mano. Anatafuna pamaso pa onse, pang'onopang'ono, n'kulavula makoko. Mkulu wa mpingo anatola china, n'kudandaula kuti mwana wa sekondale wagula nzimbe zosatsekemera. Kenaka mnzanga anatolanso, ndipo amayi ake sanamuletse.

Ndinayembekeza kuti mayi aja anena kanthu kwa amayi. Iwo anangoti zonsezi aziona, koma mwana wawo akutenthabe. Amayi anayankha m'Chilomwe, osati mokweza, kuti njinga ya bambo ili m'nyumba, matayala ndi abwino, apite naye ku chipatala lero lomwe. Mayi aja anatembenuka n'kubwerera njira yomwe tinadzera, mnzanga akuwatsatira.

Njinga yathu sanaibwereke. Koma dzuwa lisanalowe tinaona bambo a mnzanga akupalasa njinga ya mkulu wa mpingo, akazi awo ali pakaliyala, mwana ali kumsana. Pamphambano sanakhotere ku Jenala. Analunjika msewu wa ku chipatala.

Masiku otsatira anali ovuta kuposa oyamba aja. Ku mjigo ena anayamba kuwayankha amayi moni, koma ndowa ndinkawatwika ndine, ndikaweruka ku sukulu. Anthu ankadikira. Aliyense wobwera kuchokera ku chipatala ankabweretsa nkhani yake: wina akuti ndi malungo ndipo amuika diripi, wina akuti magazi achepa, wina akuti sakuyamwa. Mnzanga sankabwera ku sukulu chifukwa ankaphikira bambo ake ndi kupititsa chakudya ku chipatala. Ine m'kalasi ndinkangomvetsera kunja, kuopa kumva kulira kuchokera kumudzi. M'kabuku momwe ndinkalemba za tsiku lililonse, masamba a sabata imeneyo ali ndi mzere umodzi umodzi, wonena kuti lero sitinamve kanthu. Madamu anaimitsa misonkhano ya gulu. Anyamata a Fomu 3, omwe ndinkafuna kuwasocheretsa aja, anabwera okha kudzatithandiza kukolola chimanga chotsala kumunda, atamanga masikafu awo, ndipo amayi anawaphikira nyemba za kalongonda.

Kenaka m'mawa wina ndikusesa panja ndinaona mnzanga akubwera pa njira ya kwawo atavala yunifolomu ya sukulu. Anaima pamphambano monga ankachitira kale n'kundifunsa ngati ndikufuna kukwapulidwa chifukwa chochedwa. Ndinamufunsa za mwana. Anati anatuluka dzulo, waonda ngati kankhuku konyowa, koma wadya phala mbale yonse n'kulirira lina. Ndinataya tsache n'kulowa kukauza amayi. Iwo anakhala pa mphasa, anaphimba nkhope ndi nsalu, ndipo ndinawasiya choncho.

Masana ake tinapita ku mjigo. Amayi a mnzanga anali komweko, kamwana kali kumsana, kamutu kakugwedezeka ndi tulo. Anali patsogolo pathu pa mzere. Atadzaza ndowa yawo anakonza nkhata, ndipo azimayi atatu anali pafupi nawo oti akanawatwika. Iwo anayang'ana kudutsa onsewo.

"Inu a nandolo, mwangoima pamenepo ngati mtengo? Tabwerani munditwike."

Amayi anaika ndowa yawo pansi n'kupita. Anagwira mbali ina, anakweza limodzi, madzi osatayika. Mayi aja atakhazikitsa ndowa pamutu anati za mzere wa m'malire uja sanaiwale, nandolo akacha adzathyolako. Amayi anati adzathyole akadzaonetsa pomwe panali chitsa cha malire. Anakangana pang'ono pomwepo, m'Chichewa, mayi aja akulankhula khosi lili chilili chifukwa cha ndowa, mpaka wina kumbuyo anati mzere uyende.

Itafika nthawi ya amayi, wogulitsa zitumbuwa uja anagwira ndowa yawo asanapemphedwe. Ine ndinanyamula kachigubu kanga n'kuwatsatira. Titafika kunyumba amayi anatula madzi, analowa kuchipinda, ndipo potuluka anandiponyera sikafu yanga, itapindika makwinya okhaokha. Anati ku Fort Lister ndipita, koma phulusa la m'khitchini mwawo ndisadzaligwirenso.